Kukweza Mark X sikuisandutsa pikapu

Pali fashoni yomwe yafala m'magalaja a m'tauni masiku ano, ndipo ambiri mwa omwe aikonda ndife achinyamata. Munthu wagula galimoto ya liwiro, kaya Mark X, kaya Altezza, kaya Subaru, yofupika ngati ikununkhiza phula. Miyezi itatu isanathe, ali kale kwa makaniko: "Bwana, tandikwezereni kumbuyoku, muikeko masipuling'i olimba, ndikufuna ndizinyamulira katundu." Makaniko sakana ndalama. Pofika madzulo galimoto yatuluka itatukula kumbuyo ngati nkhuku yojompha chimanga, mwini wake waijambula, waponya pa status, ndipo anzake akuombera m'manja kuti tsopano yakwana.

Ine ndikuti sinakwane. Masipuling'i olimba amangochotsa chizindikiro choti galimoto yalemedwa, koma kulemedwako kumakhala kuli pomwepo. Matayala ndi omwe aja, mabuleki ndi omwe aja, mabelingi ndi omwe aja, thupi la galimoto ndi lomwe lija. Chomwe chasintha n'chakuti galimoto yasiya kudandaula poyera. Ndipo galimoto yomwe yasiya kudandaula ndi yoopsa kuposa yomwe ikukhukhuza pansi, chifukwa yokhukhuzayo imakukakamiza kutsitsako matumba awiri usananyamuke.

Tisanyoze, vuto ndi lenileni

Tiyeni tiyambe ndi chilungamo. Amene amachita izi si opusa. Magalimoto ambiri omwe timagula ndi akale ochokera ku Japan, olowa kudzera ku Dar es Salaam n'kudutsa pa Songwe. Anapangidwira misewu yosalala ya kwawo, komwe munthu akafuna kusamutsa katundu amaitana kampani ya zonyamula. Kuno galimoto imodzi ndi chilichonse. Lolemba ndi ya kuntchito, Lachisanu ndi ya kocheza, Loweruka ndi ya kumudzi kukatenga chimanga chomwe amayi akusungirani, ndipo kukagwa maliro ndi ambulansi, basi komanso lole nthawi imodzi.

Chuma nacho sichikuseka ndi munthu. Kuchokera pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, kuyambira galimoto mpaka sipeyala. Kugula pikapu ngati galimoto yachiwiri ndi maloto kwa wachinyamata wamba. Malipiro a pamwezi sakufika pa 15, ndiye aliyense ali ndi geni: wina akuperekera mazira m'magolosale, wina mabelo a kaunjika, wina mbatatesi za ku Ntcheu, wina simenti ya kuplot. Galimoto ikakhalapo pakhomo, n'zachidziwikire kuti iyenera kugwira nawo ntchito.

Komanso misewu yathu tikuidziwa. Mark X imatalikira pansi ndi masentimita pafupifupi 15 okha. Pa hampu iliyonse ya m'tauni umamva mtima kuwawa, ndipo msewu wafumbi wa nthawi ya dzinja umangouyang'ana patali. Choncho kukweza galimoto pang'ono kuti isamagunde pansi ndi nkhani yomveka, ndipo ine sindikulimbana nayo. Chomwe ndikukana ndi chikhulupiriro choti galimoto ikakwezedwa ndiye kuti yapatsidwanso mphamvu zonyamula katundu wochuluka. Izi ndi nkhani ziwiri zosiyana, koma pagalaja zimagulitsidwa ngati imodzi.

Nambala ya 55

Tengani mapepala omwe galimoto yanu inabwera nawo kuchokera ku Japan. Pali malo awiri olemba kulemera: kwina ndi kulemera kwa galimoto payokha, kwina ndi kulemera kwake ikadzaza. Ku Japan, pa galimoto ya anthu, nambala yachiwiriyi amaipeza powerengera makilogalamu 55 pa mpando uliwonse. Galimoto ya mipando isanu ndiye kuti aiwonjezera makilogalamu 275. Basi.

Tsopano tiwerengere m'matumba, chilankhulo chomwe tonse timamva. Thumba la chimanga, la feteleza kapena la simenti ndi makilogalamu 50. Ngati dalaivala akulemera makilogalamu 70, pa 275 paja patsala 205, omwe ndi matumba anayi. Mukakwera ndi mnzanu wokuthandizani kutsitsa, matumba atatu sakwananso. Zoona, opanga galimoto amasiyako mpata, ndipo magalimoto a msinkhu womwewu ogulitsidwa ku Ulaya amalembedwa malire okwererako. Koma ngakhale amenewo nthawi zambiri sapitirira makilogalamu 500 kapena 600, kuphatikizapo anthu onse okwera. Palibe paliponse padziko pomwe galimoto yotere inapangidwira matumba 12 kuwonjezera dalaivala, mlamu ndi mbuzi.

Ngakhale Probox, yomwe kuno timaitenga ngati bulu wosatopa, ili ndi malire. Toyota inayamba kuipanga mu 2002 ngati galimoto ya ntchito, ndipo mukayang'ana kumbuyo kwa zambiri mupeza kasitika kolembedwa 400kg. Amenewo ndi matumba asanu ndi atatu, mipando ya kumbuyo itapindidwa. Ngati galimoto yomwe anaipangira dala katundu ikuimira pamenepo, nanga yopangira liwiro ndi ulemu ingafike pati?

Zomwe sipuling'i imachita, ndi zomwe singachite

Ambiri timasokoneza zinthu zitatu. Sipuling'i ndi yomwe imasenza kulemera kwa galimoto. Shock absorber sisenza katundu. Ntchito yake ndi kuletsa galimoto kudumphadumpha ikagunda dzenje, kuti tayala lisachoke pansi. Spacer ndi kachidutswa ka mphira, pulasitiki yolimba kapena chitsulo komwe amaika pamwamba pa sipuling'i kuti galimoto italike. Spacer siwonjezera mphamvu ya sipuling'i ngakhale pang'ono. Ili ngati munthu wovala nsapato za gogoda: watalika, koma msana ndi womwe uja.

Masipuling'i olimba, kapena timatumba ta mpweya tomwe ena amaika mkati mwa masipuling'i, timathandizadi kuti galimoto isafwamphuke ikasenza. Koma apa ndi pomwe pagona msampha. Kufwamphuka kwa kumbuyo kuja ndi njira yomwe galimoto imakuuzira kuti zakwana. Ukaika sipuling'i yolimba kuti uzinyamula kawiri ka malire, wachita ngati wosewera mpira yemwe wathyoka mwendo n'kumwa mankhwala opha ululu kuti amalize gemu. Ululu wachoka, fupa likupitiriza kusweka.

Zimafika poipa kwambiri pomwe masipuling'i achotsedwa pa galimoto ya mtundu wina, n'kudulidwa ndi gulayinda kuti akwane. Sipuling'i yolimba ikakumana ndi shock absorber yofewa kapena yotha, galimoto imayamba kunjanja. Ikakhala yopanda katundu, kumbuyo kumadumpha ngati ngolo, ndipo pa kona ya mabampu matayala a kumbuyo amatha kusiya phula kwa kanthawi. Pa galimoto yomwe mphamvu ya injini imapita ku matayala a kumbuyo, ngati Mark X ndi Altezza, kanthawi kameneko n'kokwanira kuti izungulire pakati pa msewu, makamaka kukagwa kamvula.

Palinso nkhani ya kaimidwe ka matayala. Kumbuyo kwa magalimoto amenewa kulibe mtanda umodzi wachitsulo wolumikiza matayala awiri ngati wa Hilux. Tayala lililonse limagwiridwa ndi timikono tingapo, tomwe anatiyeza mosamala kuti tayala lizigunda pansi mofanana pa utali womwe galimoto inapangidwira. Mukaikweza kwambiri kapena kuilemetsa, tayala limapendekeka n'kuyamba kudyeka mbali imodzi, mabushi amang'ambika msanga, ndipo ma CV joint amagwira ntchito atapindika kuposa muyezo. Ndalama yomwe mumati mwapulumutsa pokana kuchita hayala lole imathera kwa ogulitsa masipeyala, pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi.

Ndipo kumbukirani kuti magalimoto amenewa alibe chassis yapayokha. Pikapu ili ndi mitanda iwiri yachitsulo yoyenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo masipuling'i ake a kumbuyo ndi zitsulo zazitali zosanjikizana zomwe zimagawa kulemera pamalo awiri a mitandayo. N'chifukwa chake Hilux imatha kusenza pafupifupi tani imodzi. Galimoto yaing'ono thupi lake lomwelo ndiye chassis, malata opindidwa ndi kuwotcheredwa pamodzi. Sipuling'i ikalimba, nkhonya ya dzenje lililonse imapita molunjika pa malata omwe aigwira. Tsiku lina mumangoona chitseko chayamba kuvuta kutseka, kapena mng'alu watulukira m'buti.

Werengani tayala lanu

Mukamaliza kuwerenga nkhaniyi, tulukani mukayang'ane m'mbali mwa tayala la galimoto yanu kapena ya mnzanu. Mupeza zolemba ngati 225/45R18 91W. Ambiri timangodziwa 18, chifukwa ndiye kukula kwa rimu yonyaditsa ija. Koma nambala yofunika pa nkhani ya katundu ndi 91. Imeneyo ikutanthauza kuti tayala limodzi lingasenze makilogalamu 615, litapopedwa bwino. Ikakhala 94 ndi makilogalamu 670, ikakhala 95 ndi 690.

Wina anena kuti matayala anayi kuchulukitsa ndi 615 ndi matani awiri ndi theka, ndiye vuto lili pati? Vuto n'lakuti katundu sagawika mofanana. Mark X payokha imalemera pafupifupi makilogalamu 1,500, ndipo pafupifupi 700 mwa amenewo amakhala kale pa matayala awiri a kumbuyo. Malire a matayala awiri a 91 ndi makilogalamu 1,230. Mukaika matumba 12 m'buti ndi pampando wa kumbuyo, makilogalamu 600 amenewo pafupifupi onse amatsikira kumbuyo komweko. Mwadutsa kale malire musanatuluke pageti. Palibe sipuling'i padziko lapansi yomwe ingasinthe nambala yolembedwa pa tayala.

Onjezerani pamenepo kuti ambiri timagula matayala a kaunjika. Pa tayala pamakhalanso manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Mphira umakalamba ngakhale mapanga ake akuoneka akuya. Tayala lokalamba, lopyapyala m'mbali ngati a magalimoto a liwiro, lolemedwa, pa phula lotentha la mu October, likagunda dzenje pa liwiro la 100, siliphwa pang'onopang'ono. Limaphulika. Ndipo tayala la kumbuyo likaphulika pa galimoto yodzaza, ngakhale dalaivala wa zaka makumi awiri pamsewu amangokhala wokwera nawo.

Kunyamuka n'kosavuta, nkhani ndi kuima

Chomwe chimanyenga eni magalimoto a liwiro ndi injini. V6 ya Mark X imakoka matumba 12 osatuluka thukuta, ndiye munthu amati galimoto yavomera. Koma funso la pamsewu si lakuti kodi inyamuka. Funso ndi lakuti kodi mwana akadumphira mumsewu pa Lizulu tsiku la msika, iima pati?

Mabuleki amaimitsa galimoto posandutsa mphamvu ya kuyenda kwake kukhala kutentha. Galimoto ya makilogalamu 1,500 mukaiwonjezera 600, kutentha komwe mabuleki ayenera kumeza kumakwera ndi 40 peresenti. Liwiro ndiye limaposa pamenepo: mukaliwirikiza kawiri, mphamvu yofunika kuimitsa imachuluka kanayi. Tsopano phatikizani ziwirizi m'manja mwa munthu yemwe anagula galimotoyo chifukwa chokonda kuthamanga.

Pamalo otsetsereka ndiye pamaonekera zonse. Kuchokera ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa mumatsika mamita oposa 700 m'makona okhaokha. Chimodzimodzi pa Chiweta kapena pa Khwekhwerere potsikira ku Golomoti. Dalaivala akamangopondereza buleki njira yonse, mapadi amatentha mpaka kusiya kugwira bwino, ndipo mafuta a mabuleki amatha kuwira. Mafuta a DOT 4 akakhala atsopano amawira pa madigiri osachepera 230, koma akakhalitsa amayamwa chinyezi ndipo amatha kuwira pa madigiri 155. Akawira, pedulo imangolowa mpaka pansi ngati mwaponda chinkhupule. Tinene zoona, ndi angati mwa ife anasinthapo mafuta a mabuleki chigulireni galimoto?

Katundu wa m'buti ali ndi khalidwe linanso. Chifukwa amakhala kuseri kwa matayala a kumbuyo, amachita ngati mwana wonenepa pa katungwe wa thabwa: iye akatsika, mbali inayo imakwera. Kutsogolo kumapepuka, chiwongolero chimayamba kuyandama, ndipo matayala a kutsogolo, omwe ndi amene amakhota komanso kugwira ntchito yaikulu poima, amachepa mphamvu yogwira msewu. Usiku nyali zimaloza kumwamba n'kumathobwa m'maso anzanu obwera kutsogolo. Masipuling'i olimba angachepetseko kuloza kumwambako, koma kupepuka kwa kutsogolo sangakuchotse, chifukwa kumachokera pa malo omwe katundu wakhala. Ndipo galimoto yokwezedwa, yokhala ndi matumba ena padenga, imagubuduka msanga ikakhotetsedwa mwadzidzidzi pozemba njinga ya kabaza.

Ena anaifunapo galimoto yotere

Khumbo lokhala ndi galimoto imodzi yokongola komanso yonyamula katundu si lachilendo, ndipo si la Amalawi okha. Ku Australia, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, mkazi wa mlimi wina analembera kalata kampani ya Ford kupempha galimoto yoti azipitira kutchalitchi Lamulungu n'kunyamulira nkhumba kumsika Lolemba. Ford sinamuyankhe kuti akaike masipuling'i olimba pa galimoto yomwe anali nayo. Inapatsa ntchito katswiri wake wachinyamata, Lew Bandt, ndipo mu 1934 inatulutsa galimoto yatsopano: kutsogolo ngati ya bwana, kumbuyo bodi ya katundu. Anthu a kumeneko amaitcha ute.

Patapita zaka, Ford ndi Holden anafika popanga ma ute a injini za V8, othamanga ngati magalimoto a mpikisano. Koma taonani chinthu chimodzi: mitundu yothamanga kwambiri, ya matayala opyapyala ndi masipuling'i a liwiro, inkaloledwa katundu wochepa poyerekeza ndi mitundu wamba ya ntchito. Akatswiri okhala ndi mafakitale ndi mabwalo oyeserera magalimoto anavomereza kuti liwiro ndi katundu zimalandana malo. Ukawonjezera kwina, kwina uchepetse.

Ku Australia komweko, munthu akafuna kuti pikapu yake izinyamula kuposa malire a fakitale, pali njira yovomerezeka. Zipangizo zake zimakhala zoyesedwa, injiniya wovomerezeka amaunika ndi kusainira, ndipo galimoto imapatsidwa chikwangwani chatsopano cha kulemera. Ntchitoyi imachitika kwambiri pa magalimoto okhala ndi chassis yolimba ngati Land Cruiser ndi Hilux. Ife kuno tikufuna kuchita zomwezo pa galimoto yopanda chassis, pansi pa mtengo wa mango, ndi gulayinda, m'maola atatu. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Si iwe wekha pamsewu

Pali mawu omwe ndimawamva kawirikawiri nkhaniyi ikabuka: "Galimoto ndi yanga, ndalama ndi zanga, ikawonongeka ndikonza ndekha." Zikanakhala kuti mukuyendetsa m'munda mwanu, sindikanalemba nkhaniyi. Koma misewu yathu ilibe malire pakati pa galimoto ndi anthu. M'mbali mwa M1 muli amayi ogulitsa tomato, ana ochokera kusukulu, akabaza, ngolo za ng'ombe. Buleki ikakana pa Bembeke kapena pa Jenda, wolipira mtengo wa masipuling'i anu ndi munthu yemwe sanakwereko galimotoyo ngakhale tsiku limodzi.

Ndiye pali nkhani ya malamulo ndi inshulansi. Galimoto iliyonse inalembetsedwa ku Directorate of Road Traffic and Safety Services ndi kulemera kwake komanso ntchito yake. Kusintha masipuling'i sikusintha zomwe zili m'kaundula. Ngozi ikachitika n'kupezeka kuti galimoto inasinthidwa kampani ya inshulansi osauzidwa, kapena kuti galimoto yolembetsedwa ngati ya pakhomo inkanyamula katundu wa malonda wopitirira muyezo, kampaniyo ili ndi poyambira kukana kukulipirani. Mumatsala ndi chiphakasa cha galimoto, ngongole yomwe munagulira isanathe, ndi mlandu pamwamba.

Amakaniko athu nawonso ali ndi gawo. Ambiri ndi aluso kwambiri, amadzutsa magalimoto omwe kwina akanatayidwa kalekale. Koma luso limafunika kuyenda ndi mawu oti ayi. Makaniko wabwino ndi yemwe amafunsa kuti, "Achimwene, mukufuna muzinyamula chiyani, cholemera bwanji?" ndipo akamva yankho amatha kunena kuti galimoto iyi singathe. Atha kutaya kasitomala tsiku limenelo, koma wakutsina khutu ndi mnansi. Maphunziro a umakaniko omwe TEVETA imayang'anira akuyenera kutsindika nkhani ya malire a kulemera, ndipo oyeza magalimoto popereka COF asamangoona nyali ndi mawaipa. Sipuling'i yodulidwa ndi spacer yotalika mopitirira ziyenera kulepheretsa galimoto ngati momwe tayala lotha limachitira.

Nanga titani?

Sindikunena kuti musakhudze galimoto yanu. Galimoto ya zaka 12 kapena 15 masipuling'i ake amakhala atatopa ndipo ma shock absorber atatha. Kuikamo atsopano a muyezo wake, kapena olimbirako pang'ono opangidwira mtundu womwewo wa galimoto, ndi ndalama yogwiritsa bwino. Kuikweza masentimita awiri kapena atatu chifukwa cha mahampu n'kotheka, bola mukweze mbali zonse mofanana ndipo mukachoka pamenepo mupite ku alignment. Kutsika kuchoka pa rimu ya 18 kupita pa 16, ngati mabuleki a galimoto yanu akulola, kumakupatsani tayala la mnofu wambiri lopirira maenje. Zonsezi zimathandiza galimoto kusenza bwino katundu yemwe inaloledwa kale. Sizikweza malirewo.

Mukanyamula, werengani matumba ndipo muwerengere ndi anthu omwe. Zolemera ziikeni pansi komanso kutsogolo momwe mungathere, pafupi ndi msana wa mpando wa kumbuyo, osati kumapeto kwa buti kapena padenga. Zimangeni, chifukwa pa ngozi thumba la simenti la pampando wa kumbuyo limauluka kulunjika mutu wa dalaivala. Popani matayala molingana ndi kasitika ka pa chitseko cha dalaivala. Chepetsani liwiro, siyani mpata waukulu ndi galimoto ya kutsogolo, ndipo potsetsereka ikani giya yotsika kuti injini ithandize mabuleki, ngakhale galimoto ikhale ya automatic. Katundu akachuluka, pangani maulendo awiri. Mafuta ndi odula, inde, koma sanafike pa mtengo wa bokosi.

Ndipo ngati geni yanu yakula mpaka mukunyamula katundu sabata iliyonse, ndiye kuti yakuuzani yokha galimoto yomwe ikufuna. Khalani pansi ndi foni yanuyo muwerengere: matayala omwe mukusintha, mabushi, ma shock, mafuta omwe V6 imamwa, ndi mtengo womwe galimoto yofwamphuka idzagulidwe tsiku lomwe mudzaitope. Mwina mupeza kuti kusonkherana ndi anzanu awiri kuchita hayala ka lole ka matani awiri kamodzi pamwezi n'kotchipa. Mwinanso mupeza kuti nthawi yakwana yogulitsa galimoto ya ulemuyo n'kugula Probox kapena kapikapu kakale. Boma nalo, ngati likufunadi kuti achinyamata azidzilemba okha ntchito, liganizire zopeputsa msonkho pa magalimoto ang'onoang'ono onyamula katundu, chifukwa ndiwo makasu a mabizinesi a m'tauni.

Ndikudziwa pomwe pakuwawa. Probox siikopa maso pa car wash, ndipo palibe amene amaijambula n'kuika nyimbo pa TikTok. Ambiri tinagula galimoto ya liwiro kuti anthu aone kuti zathu zikuyenda, ndipo kuisiya kumaoneka ngati kubwerera m'mbuyo. Koma tiyeni tisankhe chimodzi. Ngati mukufuna ulemu wa pamsewu, isungeni Mark X yanu ikhale Mark X, matumba akwere lole. Ngati mukufuna ndalama ya geni, gulani galimoto ya geni, ulemu udzakupezani ku banki. Chomwe sichingatheke ndi kupita kwa makaniko ndi galimoto imodzi m'mawa n'kubwerako ndi ziwiri madzulo.